Mzere Womaliza Sunali Wanga

Lolemba, 16 Juni 2025

Kwazizira. Zala zikukana bolopeni, koma aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha anati tsiku lisamadutse osalembapo kanthu, dzanja lingaume. Ine ndaphunzira zilembo imvi zili mbuu, ndiye ndimvera.

Lero nkhani ilipo. Tionenji, mdzukulu wanga, wapambana intaviyu ya unamwino pa kiliniki ina ya pulayiveti ku Area 25. Wabwera chothamanga kuchokera pa siteji, wandipeza ndikukhoma mbaula pakhonde, wandilanda nyundo. Akuti, "Agogo, ikani pansi zitsulozo, mukuyankhula ndi namwino!" Ndati namwino wake uti, yemwe uja amathawa nkhuku ikamazingidwa? Taseka mpaka chifuwa chandigwira.

Akuti kwatsala chimodzi, a ku ofesi afufuze mbiri yake, kenako kalata ya ntchito. Ndati mbiri yanji, mwana wosabapo ndi shuga yemwe? Akuti ndi mwambo chabe.

Chaka chathunthu wakhala pakhomo, satifiketi ili mu sutikesi. Tinamlera ine ndi malemu mayi Eness, akazi anga, kuyambira ali ndi zaka zinayi bambo wake atatisiya. Eness akanakhalapo, bwenzi Kawale yense atamva nthungululu.

Lachiwiri, 17 Juni

Collins, mwana wanga wotsiriza, wokonza mafoni pamsika, wamgulira nsapato zoyera. Tio waziika pa windo. Wazipukuta kawiri, kuvala sanavale.

Lachitatu, 18 Juni

Foni yake inalira cha m'ma teni. Anakayankhira kuseri kwa bafa. Pobwerako nkhope inali ina. Ndafunsa, akuti palibe. Wakhala pa mpando wa Eness, pomwe sakhala nthawi zonse.

Masana ndi pamene wanena. "Agogo, apeza kalata ija."

Kalata iti? Akuti ija ya ku Biwi.

Ndilembe bwinobwino, mutu wanga umve zomwe dzanja likulemba. Mu Januwale 2021 Eness anadwala mwadzidzidzi, BP. Tinawatengera pa kakiliniki kena ku Biwi, kanatsekedwa kale. Tinakhala pa benchi kuyambira dzuwa likutuluka mpaka litafika pamutu. Namwino anali mmodzi, ankangodutsa, "dikirani, dikirani." Eness anatsamira paphewa langa, ine nkumati agona. Sanagone.

Titabwerako ku Ntcheu koika maliro, mtima unali moto. Nthawi imeneyo sindinkadziwa ngakhale A. Moyo wanga wonse makalata ndinkachita kulembetsa. Ine kunena, wophunzira kulemba, basi. Ndiye ndinamuitana Tio, ali Fomu 4, ndinati tenga cholembera, ndikufuna eni kiliniki amve. Iye anati, "Agogo, kalata aing'amba, tilembe pa Fesibuku." Ndinati kulikonse komwe angamve. Ndinanena, iye nkumadina pa foni. Mwana sakana gogo wake ali ndi misozi.

Ine ndinkayesa kuti ndi kalata ngati makalata onse. Mwini wake awerenga, akwiya, ayatsira moto, yatha.

Tsopano akuti mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, Mayi Mabel, waipeza. Ili pa dzina la Tionenji Kaliwo, ndi chithunzi chake. Amuitana Lolemba kuti akafotokoze. Kalata ya ntchito aiimitsa.

Ndati ndiwerengere zomwe tinalemba, ndaiwala zina. Akuti foni yatha moto. Foniyo ndimaiona ikuwala m'manja mwake.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinapita kwa Collins pamsika. Mbaula sindinakhome.

Ndamufunsa, kalata ya zaka zinayi ikhala bwanji yosafufutika? Waseka kaye, ataona nkhope yanga wasiya. Akuti, "Bambo, Fesibuku si pepala. Chiswe sichidya, mvula sinyowetsa. Ndipo masiku ano mabwana asanakulembe amayamba akusuzumira kumeneko." Akuti anthu oposa mazana atatu anaitumiza kwa anzawo. Mazana atatu! Ine ndinkalembera munthu mmodzi, mwini kiliniki.

Ndati afufute lero lomwe. Akuti Tio anafufuta dzulo, koma Mayi Mabel anajambula kale, ndipo kwa anthu ena ikadalipo. Akutinso kufufutako mwina kwaipitsa, zioneka ngati akubisa.

Nzeru yake Collins: "Akangonena kuti anamuhaka. Kuti munthu wina analowa mu akaunti yake. Aliyense amatero, ngakhale mabwana." Ndati ndiye kuti akaname? Akuti, "Si bodza lenileni, Bambo, ndi kabodza ka pa foni." Ndati kuyambira liti bodza lili ndi ana ake?

Ndamuuza kuti andisindikizire kalatayo pa pepala, zilembo zikuluzikulu. Wazengereza. "Tio akudziwa?" Ndati mawu ndi anga, sindipempha chilolezo kwa mdzukulu kuti ndione mawu anga. Wapita pa shopu ya mnzake, wabwera ndi pepala lopinda kanayi. Pondipatsa sanandiyang'ane kumaso.

Lili m'thumba la jekete. Maso atopa, ndiwerenga mawa kukawala.

Lachisanu, 20 Juni

Ndawerenga. Katatu, ndi chala.

Ndikopera pano momwe zilili.

"Pa kiliniki iyi anthu akufera pa benchi. Mayi athu akhala kuyambira m'mawa mpaka masana osaonedwa. Tinapempha, tinagwada, anati dikirani. Eni ake a malo ano, Mulungu akukuonani."

Awa ndi anga. Ndawazindikira ngati momwe ndimazindikirira ndowa yanga pakati pa za ena. Ndipo ngakhale lero sindiwabweza.

Koma pansi pali mzere wina.

"Iwe Tusekele, nkhope yako ndaisunga. Ine ndidzakhala namwino. Tsiku lina udzagona pa bedi langa, udzadikira momwe adikirira agogo."

Uwu sindinanene. Dzina la namwino uja sindinkalidziwa nkomwe, ndalidziwa lero. Tio ndiye anawerenga pa kabaji ka pachifuwa pake. Tsiku lija atamaliza ndinati ndiwerengere, anawerenga mpaka "Mulungu akukuonani," ndinati basi zili bwino. Zaka zinayi ndakhala ndikudziwa kuti kalata yanga inathera pa Mulungu.

Tsono ndamvetsa. Mayi Mabel sakuopa gogo wolira mkazi wake. Akuopa namwino amene analonjeza pagulu kuti adzasiya wodwala pa bedi.

Chakudya chamasana chandikanika. Tio wafunsa ngati ndikudwala. Ndati mano.

Loweruka, 21 Juni

Ndinampeza akuchapa kuseri. Ndinakhala pa njerwa, ndatulutsa pepala, ndayamba kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono monga ndimawerengera. Pofika pa "Iwe Tusekele" manja ake anaima m'beseni.

Wati, "Ankolo Collins ndi amene akupatsani."

Ndati usamunene Collins. Sukulu ya kwacha ndi imene yandipatsa.

Walira. Akuti tsiku lija anaona kuti mawu anga ndi ofatsa kwambiri, ngati a kutchalitchi, ndiye anaonjeza ake. Akuti anali ndi zaka 18. Akuti chaka choyamba ku koleji ankaukumbukira mzerewo, koma atayamba kugwira odwala m'mawodi anaiwala kuti unalembedwapo. "Agogo, ine sindingasiye munthu pa bedi. Mukundidziwa." Ndikumudziwa. Mwana ameneyu amakatsuka bala la mayi wa nyumba yachitatu uko m'mawa uliwonse popanda womutuma. Koma Mayi Mabel akudziwa pepala, sakudziwa mwana.

Ndiye ndamuuza zomwe ndaganiza. Lolemba tipitira limodzi. Ndikanena kuti mawu onse ndi anga, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndine nkhalamba, sindifuna ntchito kwa munthu, andidule chiyani?

Wati, "Mzerewo ukuti ndidzakhala namwino. Inu munafunapo unamwino?"

Ndati ndikati ndinamuuza kuti alembe choncho kuti namwinoyo aope.

"Ankolo munawakaniza bodza Lachinayi. Anandiuza."

Ndati la Collins ndi bodza la pa foni. Langa ndi la gogo.

Sanaseke. Wapitiriza kuchapa malaya omwe anali atayera kale.

Lamulungu, 22 Juni

Kutchalitchi ndapita, ulaliki sindinaumve. Ndimangoyeseza m'mutu: onse ndi anga, Mayi, onse ndi anga. Lilime likulemera pa "onse."

Nsapato zachoka pa windo. Wazibwezera m'katoni.

Lolemba, 23 Juni

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Tinanyamuka m'mawa, minibasi ziwiri, ya ku depoti kenako ya ku 25. Ndinavala jekete la ukwati wa Collins. M'njira monse Tio ankangoyang'ana pa windo, kondakitala mpaka anati, "Asisi, agogowa mwawaba kuti?" Palibe anaseka.

Kiliniki yake ndi yoyera mbee, pansi poterera. Pakhomo pali benchi ya odwala. Ndinaiyang'ana, sindinakhalepo. Ndinaima chilili mpaka anatiitana.

Mayi Mabel ndi munthu wa zaka ngati makumi asanu, magalasi pa chingwe. Anadabwa kundiona. "Bambo, tinaitana Tionenji yekha." Ndinati pepani Mayi, koma kalata mwaimitsira mwanayu mwini wake ndine, Grain Kaliwo, wokhoma zidebe ku Kawale. Anandipatsa mpando.

Pa tebulo panali pepala ngati langa lomwe. Mzere womaliza anaudula ndi inki yofiira kunsi kwake.

Ndinafotokoza za Eness, za benchi, za momwe ife osaphunzira timalembetsera makalata. Ndinati kwathu mwana akauzidwa ndi wamkulu kuti lemba, salemba maganizo ake, amabwereketsa dzanja. Anamvetsera osandidula. Kenako anatembenuza pepala kuti liloze kwa ine, chala chake pa inki yofiira.

"Nanga awa, Bambo Kaliwo? Awanso ndi anu?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndikulumbira, ndinali nditayamba kale. Ndinati, "Mayi, onse..."

Tio anaika dzanja pa bondo langa. Anati, "Ayi, Madamu. Agogo anathera pa Mulungu akukuonani. Kuyambira apo ndi ine. Iwo sankadziwa kuwerenga, ndinawabisira. Adziwa Lachisanu lapitali."

Mayi Mabel anavula magalasi. Anandifunsa, "Mumati munene chiyani, Bambo?" Ndinati ndimati ndiname, Mayi. Anati, "Ndinaona."

Kenako anamufunsa Tio chifukwa chake anafufuta Lachitatu atangomuimbira. Tio anati mantha. Anamufunsanso, "Sisita Tusekele atabwera pano mawa ali pa machira, iwe uli wekha pa ntchito, utani?" Tio anati ndiwathandiza. Mayi Mabel anati, "Aliyense wokhala pampando umenewo angayankhe choncho. Ine ndidziwa bwanji?"

Anati komiti ikumana Lachinayi, iwo sakulonjeza kanthu. Anatinso malo ndi awiri okha, ndipo pali mtsikana wina amene anabwera wachitatu pa intaviyu, Fesibuku yake muli nyimbo za kwaya zokhazokha.

Panja ndinamukalipira. Ndinati ndinali nditakutchinga, wadzivula wekha. Anati, "Mukanandilowetsa ntchito ndi bodza lanu, ndikanamakuonani bwanji m'mawa uliwonse?" Ndinati ukanamandiona uli ndi ntchito. Tinakwera minibasi, iye kutsogolo, ine kumbuyo.

Lachiwiri, 24 Juni

Kutacha ndinampeza wavala kale. Akuti wafunsa kwa anzake a ku koleji, Sisita Tusekele amakhala ku Chinsapo, lero sali pa ntchito. Ndati wakutuma ndani? Akuti palibe. Ndati ndiye ukukadzutsa zomwe zinagona. Akuti sizinagone, Agogo, mwaona nokha.

Sindikanamusiya yekha. Tapita.

Nyumba ya mpanda wa kapinga, geti la malata. Anagogoda yekha. Anatsegula mayi wamfupi, chitenje m'chiuno, m'manja muli lichero la nyemba. Ine sindikanamuzindikira. M'mutu mwanga zaka zonsezi anali wamtali.

Tio anagwada pa fumbi pomwepo. "Sisita, ndine Tionenji Kaliwo."

Dzinalo analidziwa. Anaika lichero pansi. Sanatilowetse m'nyumba, anatulutsa mpando umodzi wa ine, iye anaima.

Tio anapepesa. Sanachulukitse mawu. Mayiyo anamulola amalize, kenako anayamba iye, mosakweza mawu. Akuti sabata imene kalata ija inatuluka, anthu anagenda malata a nyumba yake ku Biwi. Akuti mwana wake wamkazi ankamunena kusukulu kuti mwana wa wakupha, mpaka anamusamutsa. Akuti pamsika mayi wina anakana kumugulitsa tomato. Nchifukwa chake ali ku Chinsapo.

Kenako anatembenukira kwa ine. "Inu ndinu amuna awo a mayi aja?" Ndinati eya. Anati, "Tsiku lija ndinali ndekha. Mnzanga sanabwere, dokotala sanabwere. M'kati munali mtsikana wobereka akutaya magazi. Ndinkatuluka kudzatenga madzi ndi thonje, nkumakuonani. Ndinasankha. Mtsikanayo ali moyo, akazi anu anapita. Sindikudziwa ngati ndinasankha bwino, ndimadzifunsa mpaka lero. Koma sindinali kusewera pa foni ngati momwe anthu analembera pansi pa kalata yanu."

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkaona chitseko chokha. Ndinangovula chipewa.

Mayiyo anamufunsa Tio, "Wabwera chifukwa mtima wakuwawa, kapena chifukwa ntchito yakuthawa?" Tio anati, "Ntchito ndi imene yandikumbutsa, Sisita. Ndisanamizire." Mayiyo anati, "Hmm."

Kenako: "Ntchitoyo ili kuti? Wakuimitsa ndani?" Tio ananena. Mayiyo anati, "Ndipatse nambala yake." Tio anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anampatsa. Mayiyo anailemba mu foni yake, anati, "Ndamva. Pitani bwino." Geti linatsekedwa.

Zoti wakhululuka sananene. Zomwe akufuna kukamuuza Mayi Mabel sananene.

Lachitatu, 25 Juni

Collins wabwera, wamva zonse, wagwira mutu. "Mwapereka nambala ya bwana kwa munthu amene munamugendetsa? Bambo, inu ndi mdzukulu wanuyu, ndani akulera mnzake?" Ndamuuza apite akakonze mafoni.

Koma mwina akunena zoona.

Ndinayesa kukhoma mbaula, ndaboola malo olakwika kawiri. Tio wasesa bwalo katatu. Foni ikangolira tonse kudzidzimuka. Koyamba anali a kwaya. Kachiwiri munthu wolakwitsa nambala, amafuna wogulitsa makala.

Ndakhala ndikuganiza za mzere wanga uja, "Tinapempha, tinagwada, anati dikirani." Ndi woona. Koma mwala woyamba pa malata a mayi uja unachokera pati, pa mzere wa Tio kapena pa wanga? Lachisanu ndimati wanga ndi woyera.

Lachinayi, 26 Juni

Mpopi wauma kuyambira m'mawa. Cha m'ma thuu Tio anati sangathenso kungokhala, watenga zigubu kupita ku kiyosiki ya madzi. Foni anaisiya ikulowa moto, pa tebulo.

Yalira. Pagalasi palembedwa MADAM MABEL. Ndawerenga ndekha. Ndinayang'ana kugeti, kulibe munthu. Ndadina pobiriwira.

Ndati mwini wake wapita kotunga madzi, ndine gogo wake. Ati, "Bambo Kaliwo, mungamupatsire uthenga?" Ndati dikirani Mayi, nditenge kope. Munene pang'onopang'ono, dzanja langa ndi la sukulu ya kwacha. Aseka pang'ono, koma adikira.

Nazi, momwe anenera:

"Tionenji abwere Lolemba hafu seveni. Ayamba moyeserera, miyezi isanu ndi umodzi, osati itatu ngati mnzake amene anapambana naye. Sagwira yekha, akhala pansi pa sisita wamkulu. Akalakwitsa kamodzi pa wodwala, basi. Sisita Tusekele anaimba dzulo. Anati, mtsikanayo sindinamukhululukire, koma anabwera yekha pakhomo panga ndipo sananame, muyeseni."

Ndawawerengera kuti amve ngati ndalemba bwino. Ati ndi momwemo. Ndafunsanso, palibe chomwe ndasiya? Ati palibe.

Ndakopera pa pepala lina. Pofika pa "sindinamukhululukire" bolopeni inaima. Ndinati ndilumphe pamenepa, mwana asangalale lero lokha, adziwa bwanji? Ndalemba. Pansi ndinafunanso kuonjezapo kanga, kamzere kamodzi. Sindinaonjeze.

Ndatulutsa nsapato m'katoni, ndaziika pa windo, pepala ndalipinda ndalilowetsa mu ya kumanja.

Zigubu zikumveka pa geti.